Duwa Limene a Dyson Ankathena

A Dyson, amuna anga, ndi aja oti akanena chinthu anena basi. Kwawo ku Kasungu khalidwe limeneli amalitama kwambiri, koma kulemera kwake amakudziwa ndi mkazi wa m'nyumba. Ndiye pamene anandiuza kuti akubwerera kumudzi, sindinaganize n'komwe kuti akungondiopseza.

Linali tsiku lina mu Epulo, chaka cha 2006. Ndinali nditangofika kuchokera ku ntchito, ndikuvula nsapato pakhomo. Iwo anaima pakhomo la khitchini, manja ali kumbuyo.

"Mayi a Mwai, ine ndaganiza. Ndikubwerera. Nazale ya chaka chino ndikafesa ndekha."

Ndinakhala pansi pa masitepe, nsapato imodzi ili m'manja.

Kuti mumvetse, ine ndinabwera ku Birmingham mu 2002 kudzagwira ntchito ya unamwino pa chipatala chachikulu cha ku Edgbaston. A Dyson ndinawasiya ndi munda wawo wa fodya komanso mwana wathu wamkazi, Mwai, ali ndi zaka zinayi. Awiriwo ananditsatira mu Novembala 2005, ndipo amene anasankha mwezi umenewo ndinali ine, kaya mutu unali pati. Kunja kumacha mochedwa, kumada anthu asanaweruke, mvula yake yosadziwika ngati ikugwa kapena yasiya. Munthu amene kwawo anali ndi zigafa zake zoumitsira fodya, antchito akumuvulira chipewa, anapezeka akunyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Smethwick, akutumidwa ndi kamnyamata koti akanatha kukabereka.

Zaka zitatu zokhala motalikirana nazo zimasiya zake. Tinkalemekezana ngati alendo awiri amene akumana m'nyumba ya maliro, zikomo apa, pepani apo. Ine ndinali nditazolowera kudzichitira ndekha chilichonse, iwo anali atazolowera kufunsidwa chilichonse, ndipo panalibe amene ankawafunsa kanthu. Sankadandaula, ndipo n'chimene chinkandiopsa. Akaweruka ankangoima pawindo la khitchini, ndwii, kuyang'ana kadimba ka kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Bearwood, komwe kunali matope, udzu ndi njinga yadzimbiri imene anasiya omwe ankakhalamo kale. Mng'ono wawo Limbikani, amene anamusiyira munda, naye sankathandiza. Foni iliyonse inali yoti fodya sanachite bwino chifukwa mwini wake palibe.

Tsono pawindo lomwelo panali kakapu ka yogati, ndipo m'kakapumo munali kambewu kotalika ngati chala.

Nkhani ya kambewuko ndi iyi. Chilimwe changa choyamba kuno ndinali ndekhandekha, ndipo kusungulumwa kunkandipweteka ngati matenda. Kuchipatala kuli kabwalo ka maluwa ndi benchi, komwe ndinkakadyera nkhomaliro kuti anzanga asaone ndikulira. Pambali pa benchiyo panali maluwa ena ake aafupi, a masamba okwinyika obiriwira modera, ndipo pamwamba pake timitu tothithikana ta mtundu wa pepo. Dzuwa likawomba ankanunkhira ngati kasitadi wa pa Khirisimasi. Ndinkakhala pamenepo mpaka mtima ukhale pansi, kenako n'kubwerera ku wodi kukatembenuza odwala anga. Susan, namwino mnzanga wachizungu amene amakonda maluwa kuposa anthu, ndiye anandiuza dzina lake, heliyotiropu. Atamva kuti amuna anga afika koma akungokhala zii, anadula kanthambi ku duwa la kwake, anakadzala mpaka kanagwira mizu, n'kundibweretsera.

Tsono a Dyson atanena zobwerera zija, mkazi wina akanagwada pamenepo n'kunena kuti bambo musatero. Koma ine ndine Mngoni wa ku Ntcheu, kupempha sitinakuphunzire bwino. Ndinadzuka, ndinakatenga kakapu kaja, n'kukaika pa tebulo.

"Chabwino, muzipita. Koma za kuno mwaona zoipa zokhazokha. Dikirani duwa ili lichite maluwa, mununkhize chinthu chimodzi chokoma cha dziko lino. Mukatero muzipita."

Anakanyamula kakapuko, anakayang'ana mbali zonse, n'kusisita tsamba ndi chala monga amachitira ndi mbande za fodya.

"Limachita liti maluwa?"

"Akuti July."

Ndinawaona akuwerengera chamumtima. Nazale ya fodya amafesa mu Seputembala, ndiye nthawi inalipo.

"Ndamva. Likachita maluwa ndinyamuka."

Zikanathera m'nyumba bwenzi zili bwino. Koma Lamlungu lotsatira tinapita ku holo ya ku Handsworth imene Amalawi timapemphererako, ndipo azibambo akaima pamodzi ndi makapu a tiyi m'manja amalankhula ngati ali pa msonkhano wa chipani. A David, bambo wina wa ku Zomba woseka mofuula, anafunsa ngati a Dyson azolowera. Iwo anayankha pamaso pa onse kuti akungodikira duwa la mayi lichite maluwa, basi ulendo. Azibambo anaseka chikhakhali. Kuyambira pamenepo moni wa Lamlungu lililonse unali wakuti, "A Dyson, flower ija ili pati?"

Susan anandilangiza kuti ndisafulumire kulidzala panja. Duwa limeneli limaopa chisanu, likangogona panja kukuzizira masamba amada n'kufa, ndiye limadikira mpaka kumapeto kwa Meyi. Anati masana ndizilitulutsa kuti lizolowere mphepo, madzulo ndizililowetsa. Limafuna dzuwa, limafuna nthaka yosauma koma yosadikha madzi, ndipo masamba ake ndi poizoni, mwana asayerekeze kutafuna. Ndinawafotokozera a Dyson zonsezi. Anamvetsera ngati sizikuwakhudza, anangoti nawo mbande amazikhwimitsa asanawokere, palibe chachilendo. Koma tsiku lina ndinaliiwala panja popita ku ntchito, ndipo madzulo ake kunazizira koopsa. Ndinabwera mtima uli m'mwamba, n'kupeza kakapu kali pawindo pamalo pake, kothiriridwa kale.

Tsiku lodzala litafika, anandipeza ndikukumba kadzenje ndi mpeni wa kukhitchini. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anandilanda.

"Kumeneko ndi kukwirira mbewu, si kudzala."

Anakabwereka fosholo kwa a Malachi, bambo wachikulire wa ku Jamaica amene tinayandikana naye nyumba. Anasankha malo pafupi ndi mpanda wa matabwa, pomwe dzuwa limafika kuyambira m'mawa. Dothi la kuno analinyoza kuti ndi makande oumbira njerwa, komabe analiphwanya ndi manja, analisakaniza ndi kompositi, anaumba kamtumbira, n'kuwokera kambewu kaja dzuwa litapepa, monga amawokerera fodya. Pomaliza anaphimbira ndi udzu wouma. Kenako anaima n'kumayang'ana malo otsalawo, ndipo ndinadziwa kuti fosholo ija sibwerera msanga kwa mwini wake.

Pofika mu Juni njinga yadzimbiri inali itatayidwa, kadimba konse kali mizere ya repu, mpiru ndi maungu a nkhwani. A Malachi anawapatsa njere za ndiwo ina ya kwawo yotchedwa kalalu, akuitama kuti padziko lapansi palibe yofanana nayo. Zitamera, a Dyson anandiitana ndili kukhitchini, iwo akuseka mpaka kugwira mpanda. Anali bonongwe, yemwe uja amamera yekha kuseri kwa khola. Kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerereni.

Koma foni za Limbikani zinkabwerabe, ndipo a David akafunsa za duwa, yankho linali lomwe lija.

Julayi wa chaka chimenecho kunatentha ngati tili ku Nsanje. Duwa lija linakula modabwitsa. Linachita nthambi zambirimbiri n'kutambalala ngati nkhuku yofungatira, masamba ake onenepa. A Dyson ankalithirira m'mawa asanaperekeze Mwai ku sukulu, madzulonso akaweruka. Masamba akangofota pang'ono, nkhope yawonso inkafota. Koma maluwa, ng'o. Kuchipatala, pambali pa benchi paja, anzake anali atachita kale pepo, njuchi zili piringupiringu. Lathu linali masamba okhaokha.

Poyamba ndinakondwera chamumtima, poti duwa likachedwa nawonso achedwa. Koma masiku akamapita ndinayamba kuchita mantha. Ndinkati Seputembala akafika adzangoti, mayi, ndadikira, duwa lanu lakanika, nthawi yofesa yakwana. Adzapita osaona chokoma chilichonse, ine n'kutsala ndi masamba. Chiyembekezo changa chonse, musandiseke, chinali pa fungo lija. Ndinkaganiza kuti ngati linandigwira ine mtima pamene ndinali wosweka, nawonso lidzawagwira.

Madzulo ena ndinafika miyendo itatupa, poti tsiku limenelo ku wodi tinali ochepa. Ndinakhala pa khonde la kuseri osavula n'komwe yunifolomu. A Dyson analowa m'nyumba, anatuluka ndi beseni la madzi ofunda, n'kuliika pafupi ndi mapazi anga. Anakhala pambali panga n'kumasenda nkhwani. Kunali kukadali kowala, ana a m'nyumba zoyandikana akusewera mpira.

"Koma duwali likulakwa chiyani, bambo a Mwai? Inu ndinu mlimi."

"Mbewu zina zimachedwa."

"Za ku hospital zinachita kalekale."

"Kumeneko ndi kumeneko. Tidikire, palibe chotithamangitsa."

Foni yawo inalira m'thumba. Anali Limbikani, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kwa ine, kufunsa kuti afika liti kuti akonze mabedi a nazale. A Dyson anamuuza kuti ayambe kukonza, iwo pali chimene akudikira. Madzi a m'beseni aja ndinawamva kuzizira.

Ndinagula feteleza wamadzi wa tomato, poti Susan anati amathandiza maluwa. Ndinapempha a Malachi kuti tisadze nthambi ya mtengo wawo imene ndinkaiganizira kuti ikutchinga dzuwa. Ndinafika mpaka politchula m'pemphero, pakati pa odwala anga ndi amayi anga. Tsiku lina Mwai anandipeza nditagwada ndikusuzumira m'masamba.

"Iwe Mwai, sumaseweretsa duwa ili?"

"No, Mum. Only Dad touches it."

Mwana ameneyu, miyezi yochepa chabe, Chichewa chinali chitayamba kale kumuthawa pakamwa. Bambo ake ankamulankhula Chichewa njira yonse ya ku sukulu, iye n'kumayankha Chingerezi atawagwira dzanja, onse awiri okhutira.

Mu Ogasiti ndinamukoka Susan kuti adzaone yekha. Anagwada, anavala magalasi, n'kumapatula nthambi imodziimodzi. Kenako anandiitana. Nsonga ya nthambi iliyonse inali yoduka bwinobwino ngati yadulidwa ndi lumo. Ndinati mwina ndi nkhono, poti kuno nkhono ndiye mbuzi za m'dimba. Susan anapukusa mutu. Anati nkhono imaboola masamba n'kusiya mamina, siidula mwaukhondo chonchi. Ichi ndi chikhadabo cha munthu, ndiponso munthu wodziwa. Mbewu ikakhala yaing'ono kutsina nsonga n'kwabwino, ndiye chifukwa chake lachita nthambi zambiri chotere. Koma maluwa amatulukira ku nsonga komweko, ndipo wotsinayo akapanda kuleka sitidzaona duwa mpaka chisanu chibwere.

M'mawa mwake sindinkapita ku ntchito. Ndinanamizira kugona, ndipo nditamva chitseko cha kuseri chikutseguka ndinasuzumira pa katani. A Dyson anathirira ndiwo zawo, anathirira duwa, kenako ananyonyomala. Dzanja lawo linayenda nthambi ndi nthambi mosakayika, chala chachikulu ndi chamkombaphala, thyo, thyo, timitu tobiriwira n'kumatiponya m'thumba la malaya.

Ndinatsika masitepe nditangomanga chitenje.

"Bambo a Mwai, mukutani?"

Anadzidzimuka, koma mwamsanga anavala nkhope ya mlangizi wa zaulimi.

"Ndikuthena. Fodya ukamulekerera kuti achite maluwa, mphamvu yonse imathera kumeneko, masamba amapyapyala. Timadula nsonga."

"Ndani wakuuzani kuti ndikufuna masamba? Tikagulitsa ku auction? Miyezi yonseyi ine ndikuvutika, kugula ma feed, kupemphera, kumuvutitsa Susan pa weekend yake, inu muli phee mukundiona!"

Mtima unandipsa zedi. Ndinawauza kuti ndawatulukira, akufuna duwa likanike kuti akafike ku Kasungu akunena kuti ku Ulaya kulibe chabwino, ngakhale maluwa amakana. Ndinati ngati akufuna kupita apite, koma asandipusitse ngati mwana. A Malachi, amene ankayanika zovala kuseri kwa mpanda, analowa m'nyumba mwawo mwakachetechete.

A Dyson anangoyang'ana pansi. Nditatopa anafunsa motsitsa mawu.

"Ndiye ndileke?"

"Mulekeretu."

"Mwatsimikiza, mayi a Mwai?"

"Ndatsimikiza. Kuthirira thirirani, koma chikhadabo chanucho chisayandikenso."

"Ndamva."

Ndipo analekadi.

Duwa lija linali ngati limangodikira. Nsonga iliyonse inatulutsa kamutu, ndipo poti nthambi zinali zambiri, timitu tinali tosawerengeka. Tinayamba tobiriwira, tinadera, ndipo kumayambiriro kwa Seputembala tinamasula. Ndinafika madzulo ena kuchokera ku ntchito, ndinatsegula chitseko cha kuseri, fungo lija n'kundilandira pakhomo pomwepo. La kuchipatala silinkafikako. Chitsamba chonse chinali pepo yekhayekha, agulugufe akulimbirana ndi njuchi. Ndinafuula kuitana Mwai, ndinavinako pang'ono pa udzu ndi yunifolomu yanga. Kenako ndinatembenuka, n'kuona a Dyson ataima pawindo la khitchini monga ankaimira m'nyengo yozizira ija, ndipo chimwemwe chonse chinandithera pomwepo. Fungo linali litabwera, koma nkhope yawo sinali ya munthu amene wasintha maganizo.

Tsiku lotsatira sutikesi inatsika pamwamba pa wadiropu. Sanaikemo kanthu, inangokhala pakona chiyasamire. Kudimba anasiya kupitako ine ndikakhala pakhomo. Lamlungu Mwai anangofika n'kuuza anzake a Sande sukulu, ndipo pofika nthawi ya tiyi nkhani inali ponseponse.

"A Dyson, tamva kuti flower ija yablooma!" anafuula a David. "Ndiye ticket mwabooka?"

"Ndikagula Loweruka," anatero a Dyson. "Ndinanena."

Azibambo anaseka, koma ine tiyi anandikanika. Pobwerera m'basi Mwai anakhala pafupi ndi bambo ake, atawagwira mkono ndi manja onse awiri.

"Dad, are you really going?"

Anangomusisita mutu, maso ali pawindo.

Ndinkawakonda amuna anga, ndipo sabata imeneyo ndinadana ndi duwa langa lomwe. Ku ntchito ndinasiya kukhala pa benchi ija. Kunyumba ndinkati ndikatsegula pakamwa kuti ndinene za mumtima, zotuluka zinali zina. Ndinawauza kuti asaiwale kutenga bulangete lokapatsa amayi. Ndinawafunsa ngati Limbikani amavala nsapato zofanana ndi zawo. Iwo ankangoti ndamva, ndamva, ndipo sutikesi ija inayamba kudzaza ndi katundu amene ndinkaikamo ndekha.

Loweruka m'mawa Mwai ali pa TV, ndinawapeza kudimba atavala kale jekete yawo yopitira ku tauni. Anali atanyonyomala patsogolo pa duwa, chidebe chili pambali. Kunja kunali kutayamba kuzizirira, mame ali mbuu pa masamba a maungu. Ndinaima kumbuyo kwawo nditapinda manja.

"Lanunkhira?"

"Lanunkhira. Simunaname."

"Ndiye mwaona chokoma chimodzi. Bus ya ku town ikusiyani."

Sanadzuke. Ndinafuna kulowa m'nyumba, koma funso lina linali likundidya kuyambira tsiku la mkangano lija.

"Tandiuzani chinthu chimodzi musanapite. Inu zoona munkaganiza kuti limeneli ndi fodya?"

Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma.

"Mayi a Mwai, ine ndinayamba kulima fodya ndisanamere ndevu. Ndingalephere kusiyanitsa fodya ndi duwa?"

"Nanga munkatheneranji?"

Anatola kadothi n'kumakaphwanya ndi zala.

"Poyamba ndinathena kuti lichite nthambi, zimenezo n'zoona. Ndinati kamodzi basi. Kenako tsiku lina mu July ndinapeza kamutu koyamba katatuluka. Ndinakayang'ana, ndinati kakamasula aka ndiye kuti ine ndizipita. Dzanja linangopita lokha." Anataya kadothi kaja pansi. "Likakhala masamba okhaokha, ine ndikadali pano. Wofunsa ndimuuza kuti ndikudikira duwa, ndipo sindinaname."

Ndinagwira mpanda.

"Musandimve molakwa, kuno sikunakome. Ma box aja akadali olemera, winter ikubweranso. Koma m'mawa mwana uja amandigwira dzanja mpaka pa gate ya sukulu. Madzulo ndimamva key wanu pachitseko. Ndikafesa nazale, eya, fodya akachita bwino, ndiye ndikamuonetsa ndani?"

"Bwanji osangonena?"

"Ndinanena kale zina, pamaso pa anthu. Ndipo inu nthawi zonse mumati ndizipita."

Ndinawayang'ana, bambo wamkulu atanyonyomala ndi jekete ya ku tauni, amene chilimwe chonse ankalawirira kukabera duwa maluwa kuti akhale nane. Chifundo ndi chikondi zinandigwira nthawi imodzi.

Ndinalowa kukhitchini, ndinatenga sizasi imene timadulira nkhuku, n'kubwerera. Ndinagwada pa mame pomwepo. Mutu woyamba ndinaudula nditatsinzina, poti ndinali nditaudikira miyezi yambiri. Yotsatirayo sinavute.

"Mayi a Mwai! Nellie! Mukutani?" anafuula, mpaka kunditchula dzina langa.

"Tambasulani manja."

Anatambasula, osadziwa kuti atani. Ndinadula mitu yonse, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, ngakhale ija yosamasula, n'kumaunjika m'manja mwawo mpaka inafika pachifuwa. Njuchi imodzi inatizungulira mokwiya. Nditamaliza, chitsamba chinatsala chometedwa ngati mwana wa sukulu ya pulayimale.

"Duwa liti lachita maluwa?" ndinafunsa. "Ine ndikuona masamba okhaokha. A David abwere adzaone okha."

Anangondiyang'ana, kukamwa kuli yasa.

"Musapite, a Dyson. Sindikufuna mupite. Zaka zija ndinakhala ndekha zinandikwana. Munda alime Limbikani, ine ndikufuna inuyo pano."

Misozi inawatsika, ndipo poti manja onse anali ndi maluwa, analibe chopukutira. Anaweramitsa nkhope m'maluwamo, anakhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Ine ndinali chigwadire, sizasi ili m'manja.

Atadzutsa mutu anayang'ana chitsamba chija n'kudandaula.

"Koma mwadula moipa, mayi. Timadula pamwamba pa mfundo, osati paliponse. Ndipo mudziwe kuti mwangolilimbikitsa. Litulutsanso ena chisanu chisanafike."

"Akatuluka tidzathena tonse."

Anatula maluwa aja pa udzu mosamala. Anavula jekete, anaikoloweka pa mpanda, n'kugwada pambali panga.

"Bweretsani sizasiyo," anatero, ndipo anayamba kukonza nthambi zimene ndinawononga, imodziimodzi.